Kuchoka ku Chileka kukafika ku London: makilomita 8,200 amene amadya tsiku lathunthu

Azakhali anga anafika ndi tikiti yawo ataipinda kanayi, itasungidwa m'Baibulo pakati pa Masalimo. Mwana wawo wamkazi, amene ndi namwino ku London, anali atangochira kumene, ndipo agogo atsopanowa ankaitanidwa kuti akasambitse mdzukulu. Anakhala pakhonde kwathu ku Chilomoni, n'kutambasula pepalalo pantchafu.

"Tawerenga apa, mwanawe. Akuti ndinyamuka ku Addis Ababa 1 koloko usiku, ku London ndifika 6:45 m'mawa. Si maola asanu ndi kanthu amenewo? Nanga bwanji msuweni wako akuti ndikonzekere kukhala pampando maola asanu ndi atatu? Akunama ndani, iyeyo kapena pepalali?"

"Palibe akunama, Azakhali," ndinatero. Koma kuti ndiwamasulire tinatha fulasiki yonse ya tiyi, ndipo nkhani ili mkati ndinachita kutuma mwana kukatenga lalanje ndi ulusi wosokera. Funso loti ku London n'kutali bwanji ukaliyankha ndi makilomita umakhala wanena zoona, koma wapaulendo sunamuthandize. Makilomitawo sasintha. Imene imatalika ndi kufupika ndi nthawi, ndipo zambiri zimene zimaitalikitsa zimachitikira pansi, munthu uli pampando wa pabwalo la ndege kuyang'ana wotchi.

Makilomitawo ali chonchi. Mutakhoma chikhomo pabwalo la ndege la Chileka, china pabwalo la Heathrow, n'kukoka chingwe chosakhota, chingwecho chingatalike makilomita pafupifupi 8,200. Nambala yotere siilowa m'mutu payokha. Msewu wa ku Lilongwe kudzera pa Zalewa ndi makilomita 310 ndi kanthu, ndiye werengani maulendo 26 oterowo, osatsika pa Ntcheu kugula mbatata. Mukaona pena palembedwa 5,100 pena 4,400 musaganize kuti wina waphonya masamu. Azungu a ku Britain amawerenga mailosi, ndipo mailo imodzi ndi makilomita 1.6, pomwe oyendetsa ndege ndi sitima zapamadzi ali ndi mailo yawoyawo ya makilomita 1.852. Mtunda ndi womwewo, miyeso ndiyo yosiyana, ngati mmene chimanga chomwecho wina amayeza pa ndowa wina pa sikelo.

Lalanje lija ndinaliitanitsira nkhani ya mapu. Tonsefe tinakula tikuyang'ana mapu a dziko lapansi opachikidwa pakhoma la kalasi, afulati ngati mphasa. Koma dziko ndi lobulungira. Sendani lalanje muyese kuyala makoko ake patebulo: ang'ambika, kapena muchita kuwakoka kuti agone. Mapu ambiri a m'kalasi anatengera njira imene Gerardus Mercator anatulukira mu 1569, yomwe imakoka maiko a kumpoto kwenikweni ndi kummwera kwenikweni mpaka kufufuma. Ndiye chifukwa chake chilumba cha Greenland chimaoneka ngati chikufanana ndi Africa, chikhalirecho Africa amachiposa ka 14. Pa mapu otere, mzere wowongoka umene mungajambule ndi rula kawirikawiri si njira yaifupi. Njira yaifupi ndi imene ulusi umagona mukaukunga pa lalanje pakati pa timadontho tiwiri. Akatswiri amaitcha great circle, ndipo ukaijambula pa mapu afulati imaoneka yokhota ngati uta.

Ndege yochoka ku Johannesburg kupita ku Sydney, mtunda wa makilomita pafupifupi 11,000, imaonetsa bwino zimenezi. Pa mapu a m'kalasi munthu angati ingolunjika kum'mawa. Koma imayamba yalowera kummwera ndithu, pamwamba pa nyanja yozizira, nthawi zina mpaka apaulendo kuona madzi oundana a kufupi ndi Antarctica, kenako n'kukwereranso ku Australia. Ooneka ngati akusocherayo ndiye wadula njira.

Ulendo wathu wa ku London sukhota kwambiri chotero chifukwa ndi wolowera kumpoto. Ulusi wake umachoka pa Chileka kudzera cha ku Dedza, kumadzulo kwa Tanzania, Burundi ndi Rwanda, kum'mawa kwa Congo, n'kulowa m'chipululu cha Sahara cha ku Chad ndi Libya, kuwoloka nyanja ya Mediterranean, kudutsa France, kenako England. Chimene chinandidabwitsa ine nditawerengetsa n'chakuti pa makilomita 8,200 aja, pafupifupi 5,800 ali pamwamba pa Africa. Munthu umati ndikupita ku Ulaya, koma pa maola khumi aliwonse asanu ndi awiri ukadali kwanu konkuno. Mapu a Mercator anatinyenga kukula kwa kwathu.

Ndege zikuluzikulu za maulendo aatali, monga Boeing 787 ndi Airbus A350, zikafika m'mwamba mwake zimayenda makilomita 850 mpaka 900 pa ola. Zimauluka pa msinkhu wa makilomita 10 mpaka 12 kuchoka pansi, kutanthauza kuti mutasanjikiza nsonga ya Sapitwa, ya mamita 3,002 ija, katatu kapena kanayi, ndi pamene mungazikhudze. Zimakwera kumeneko dala. Mpweya wa m'mwambamo ndi wopyapyala, sukaniza ndege kwambiri, choncho mafuta amapita ochepa. Gawani tsono 8,200 ndi 850, muwonjezere theka la ola lokwerera ndi kutsikira, mupeza maola 10 kapena kupitirira pang'ono. Ndege ikanakhalapo yonyamuka pa Chileka 8 koloko madzulo, Azakhali akanamwera tiyi wam'mawa ku London.

Ndege yoteroyo kulibe. Munthu wochoka ku Blantyre amakasinthira ndege kwina, ndipo makomo odziwika ndi Addis Ababa, Johannesburg ndi Nairobi. Apa ndi pamene makilomita amayamba kuswana.

Kuchoka ku Chileka kufika pabwalo la Bole ku Addis Ababa ndi makilomita pafupifupi 2,800, maola anayi ngati ndege siinaime pa Lilongwe kapena kwina kutola anthu. Kuchoka ku Addis kufika ku London ndi makilomita 5,900, maola oyandikira asanu ndi atatu. Pamodzi 8,700. Mwangowonjezera makilomita 500 pa ulusi uja, chifukwa Addis ali kale kumpoto, wangopatuka pang'ono chakum'mawa. Nairobi ndiye ali pafupi kwambiri ndi ulusiwo: makilomita 1,600 kuchoka kuno, ena 6,800 kukafika ku London, pamodzi 8,400. Njira ya ku Joni ndiyo yoseketsa. Mumayamba mwafulatira kumene mukupita, makilomita 1,350 kulowera kummwera, maola awiri ndi kanthu, kenako mukwere ndege ya makilomita opitirira 9,000, maola 11 kapena kuposerapo, yomwe ikabwezanso mtunda wonse munatsika uja. Pamodzi 10,400. Zili ngati wa ku Ndirande wofuna kupita ku Lunzu ayambe wakwera minibasi ya ku Limbe chifukwa kumeneko ndi kumene imadzaza msanga. Ndipo zimachitikadi kuti njira yotalikayo ndiyo imakhala yotsika mtengo sabata imeneyo, kapena ndiyo ili ndi maola ochepa odikirira. Mtengo wa tikiti sautengera pa makilomita okha, amautengera pa kuchuluka kwa anthu ofuna mipando tsiku limenelo.

Fanizo la minibasi silinabwere mwangozi, chifukwa nzeru yake ndi imodzimodzi. Kondakitala sanyamuka ndi anthu atatu. Boeing 787 imanyamula anthu 250 mpaka 300, ndipo imamwa mafuta okwana matani pafupifupi asanu pa ola lililonse. Pa maola 10 ndi matani 50, osawerengera apadera amene malamulo amakakamiza kuti ikhale nawo, oti ingakafikire pabwalo lina ngati loyambalo lavuta, n'kutsalabe ndi a mphindi 30. Kuti kampani ibweze ndalama zimenezo pafunika anthu odzaza ndege popita ndi pobwera, sabata ndi sabata, chaka chonse. Blantyre payekha alibe anthu ochuluka chotero opita ku London. Koma mukasonkhanitsa ochepa a ku Blantyre, ochepa a ku Lusaka, a ku Harare, a ku Lubumbashi, a ku Maputo, onse n'kuwatula pa Addis madzulo amodzi, ndege ya ku London imadzaza. Addis ndi depoti. N'chifukwa chake ndege zochokera kummwera kuno zimafika kumeneko madzulo motsatizana, ndipo za ku Ulaya zimanyamuka pakati pa usiku motsatizananso.

Pali ndi nkhani ya msewu wothamangapo ndege. Ndege yodzaza anthu, katundu ndi mafuta a maola 10 imalemera matani oposa 200, ndipo imafuna msewu wautali kuti ipeze liwiro lonyamukira. Wa ku Chileka ndi waufupi poyerekeza ndi wa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, lomwe linatsegulidwa mu 1983 n'kulanda Chileka udindo wokhala khomo lalikulu la dziko. Kutentha ndi kukwera kwa malo kumawonjezera vutolo, pakuti mpweya wotentha kapena wa pamalo okwera ndi wopyapyala, mapiko sagwira bwino ndipo injini siikoka mokwanira. Mpweya womwe uja umathandiza ndege ili m'mwamba ndiwo umaivutitsa ponyamuka. Bwalo la Bole lili pamtunda wa mamita opitirira 2,300, pafupi kufanana ndi kuika bwalo la ndege pamwamba pa mapiri a Mulanje. N'chifukwa chake ndege zochoka ku Addis kupita ku Washington kapena Toronto zakhala zikuima panjira kuthira mafuta, poti sizingadzuke pa Bole zitadzaza thanki, koma pobwerera zimabwera osaima. Mizinda yomweyo, mtunda womwewo, koma kupita ndi kubwera kumasiyana maola.

Achikulire akamakamba zoti kale ndege ya ku London inkanyamukira pa Chileka pompa sakulota. Kumapeto kwa 1974 Air Malawi inayamba kuulutsa ndege ya mtundu wa VC10 kupita ku bwalo la Gatwick ku London, ikuima panjira, mpaka 1979. VC10 anaipanga dala kuti izitha kudzuka pa misewu yaifupi ya kumalo otentha ndi okwera ngati kwathu kuno, koma inali yakumwa mafuta kwambiri. Kale kuposa apo, mu 1949 ndi 1950, ndege zotera pamadzi za kampani ya ku Britain ya BOAC zinkaima pa Cape Maclear pa ulendo wa pakati pa England ndi South Africa. Ulendo umenewo unkatenga masiku angapo, apaulendo akugona m'mahotela panjira usiku uliwonse. Lero timadandaula maola asanu a pa Addis.

Tibwerere ku pepala la Azakhali, poti vuto lawo lenileni linali wotchi. Pa tikiti ya ndege, nthawi iliyonse imalembedwa molingana ndi wotchi ya pamalo pamene chinthucho chikuchitikira. Yonyamukira ndi ya kumene mukunyamukira, yofikira ndi ya kumene mukufikira. Dziko limazungulira kamodzi pa maola 24, choncho dzuwa limayamba kutulukira a kum'mawa, ndipo mawotchi anagawidwa motsatira zimenezo. Ethiopia ndi Kenya ali patsogolo pathu ndi ola limodzi. South Africa tili naye limodzi. London ali m'mbuyo mwathu, koma iyeyo ndi wosakhazikika: kuyambira Lamulungu lomaliza la Okutobala mpaka Lamulungu lomaliza la Malichi amatsalira ndi maola awiri, ndipo miyezi yotsalayo, imene kwawoko ndi yofunda, amakankhira mawotchi patsogolo n'kutsalira ndi ola limodzi lokha. Okonda mpira wa ku England amadziwa zimenezi osaphunzitsidwa. Masewero a 3 koloko ya kumeneko kuno timaonera 5 koloko mu Disembala koma 4 koloko mu Epulo.

Azakhali ankayenda mu Juni. Manambala a tikiti yawo ndawadula zakumapeto kuti awerengeke bwino, koma anali motere. Kunyamuka pa Chileka 15:00, kufika ku Addis 20:00. Pa maso ndi maola asanu, koma 20:00 ya ku Addis ndi 19:00 ya kuno, ndiye kuti m'mwamba akhalamo maola anayi. Kunyamuka ku Addis 01:00, kufika ku London 06:45. Pa maso ndi maola asanu ndi mphindi 45, omwe aja anawasokoneza. Koma mu Juni Addis ali patsogolo pa London ndi maola awiri, choncho pamene ku London ikuti 06:45, ku Addis ili 08:45. Kuchokera 01:00 kufika 08:45 ndi maola asanu ndi awiri ndi mphindi 45. Msuweni wanga sananame. Wotchi inadya maola awiri pa pepala, koma msana wa Azakhali unayenera kuwamva onse.

Njira yosavuta imene ndinawauza ndi iyi: sandutsani nthawi zonse zikhale za ku Malawi musanayambe kuchotsera. Kunyamuka 15:00, kufika ku Addis 19:00, kunyamukanso 12 koloko usiku, kutera ku London 07:45 m'mawa. Ulendo wonse maola 16 ndi mphindi 45, mwa amenewo 11 ndi mphindi 45 m'mwamba, asanu pampando wa pa Bole. Pobwerera masamu amatembenuka, pepala limaonetsa ngati ulendo watalika. Ndipo yang'anitsitsani tsiku. Ndege ya 01:00 ndi ya tsiku lotsatira, ndipo alipo ambiri amene anapita kukachingamira mlendo tsiku lolakwika chifukwa cha kachizindikiro ka +1 kolembedwa mwaching'ono pambali pa nthawi.

Ndinawachenjezanso kanthu kena. Anthu wamba ku Ethiopia amawerenga maola kuyambira m'mawa dzuwa likatuluka, monga amachitira olankhula Chiswahili, moti imene wotchi ya foni ikuti 7 koloko m'mawa iwo amati 1 koloko. Matikiti ndi zikwangwani za pabwalo sizitsata zimenezo, zimalemba monga timalembera ife. Koma mukafunsa nthawi munthu wongodutsa, yankho lake likhoza kukuthamangitsani pachabe. Azakhali anaseka, nati, "Ndiye kuti dziko lililonse lili ndi dzuwa lake?"

Funso lawo lotsatira linali lanzeru kuposa mmene ankaganizira. Anati ngati dziko limazungulira, bwanji ndege osangokwera m'mwamba n'kuima, London abwere yekha pansi pake? Dziko limazunguliradi, ndipo mothamanga. Pa Blantyre pano nthaka imene taimapoyi ikuthamangira kum'mawa makilomita pafupifupi 1,600 pa ola, kuposa ndege iliyonse yonyamula anthu lero. Koma mpweya nawo ukuthamanga limodzi ndi nthakayo, ndipo ndege ili mkati mwa mpweyawo. Mukaponya mtedza m'mwamba muli m'basi yothamanga, umagwera m'dzanja lanu lomwelo, suuluka kukamenya wa pampando wakumbuyo. Ndege ndi mtedza umenewo. Kuti ichoke pamene ili iyenera kudzikankha yokha.

Imene imasinthadi nthawi ndi mphepo. Pa msinkhu umene ndege zimauluka pali mitsinje ya mphepo yotchedwa jet stream, yoyenda kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa, nthawi zambiri makilomita 150 kapena 200 pa ola, nthawi zina kuposa. Wopalasa bwato pa Shire amadziwa kusiyana kwa kutsika ndi madzi ndi kukwera nawo, ngakhale nkhafi ili yomweyo. Ndege ikamayenda 880 pa ola mu mpweya umene nawo ukuyenda 150 kulowera komweko, pansi ikudutsa 1,030. Ikatembenuka, 730. Pakati pa London ndi New York, makilomita pafupifupi 5,550, kupita kumadzulo kumatenga maola oyandikira asanu ndi atatu, kubwerera kum'mawa asanu ndi awiri kapena kuchepera. Mu Febuluwale 2020 kunawomba namondwe wotchedwa Ciara, ndipo ndege ya British Airways ya mtundu wa Boeing 747 inachoka ku New York kufika ku London m'maola anayi ndi mphindi 56 zokha. Onani kuti kum'mawa ndiko kofulumira. Maganizo a Azakhali akanakhala olondola, kofulumira kukanakhala kumadzulo. Ife oyenda chakumpoto ndi chakummwera mphepo zimenezi timangozidula chopingasa, choncho kupita ndi kubwera kwathu kumasiyana ndi mphindi chabe.

Ndipo ulusi wa pa lalanje uja ndege siiutsata ndendende. M'mwamba muli misewu yosaoneka, yokhala ndi mayina ndi mphambano zake, ndipo dziko lililonse ndi mwini wa thambo la pamwamba pake. Limapereka chilolezo chodutsa, limalipiritsa, likhozanso kutseka. Nkhondo itabuka ku Sudan mu Epulo 2023, thambo la dzikolo linatsekedwa, ndipo ndege zochoka kum'mawa kwa Africa kupita ku Ulaya zinayamba kulambalala, zambiri kudzera cha ku Nyanja Yofiira ndi Iguputo. Thambo la Libya makampani ambiri akhala akulipewa kwa zaka. Mu 2022 ndege zambiri za ku Ulaya zinasiya kudutsa pamwamba pa Russia, ndipo ulendo wa London kupita ku Tokyo unatalika ndi maola angapo. Kuwonjezera apo pali mitambo ikuluikulu ya mabingu imene imaunjikana chapakati pa Africa, yotalika kuposa msinkhu umene ndege ikuuluka, yomwe woyendetsa amachita kuizemba. Nditatchula Nyanja Yofiira, Azakhali anasiya kumwa tiyi. "Yomwe ija ya Mose? Ndiye mundipezere mpando wa pawindo." Ndinawauza kuti adzadutsa usiku, sadzaona kanthu. Anati ndiwapezerebe.

Maola olembedwa pa tikiti nawo si a m'mwamba okha. Amayamba kuwerengedwa ndege ikangosuntha pamene inaima, mpaka itaimanso kumene ikupita. Pa Chileka kuchoka poimikira kufika pamsewu wonyamukira ndi mphindi zochepa. Pa Heathrow pali misewu iwiri yokha ya ndege zoposa chikwi patsiku, ndiye kumakhala mzere pansi, ndi mzere wina m'mwamba, ndege zikuzungulirazungulira kunja kwa mzinda kudikira kuitanidwa. Bwalolo lili ndi malamulo ochepetsa ndege zotera usiku pofuna kuti oyandikana nalo agone, choncho zochokera kutali zimafika mothithikana m'mamawa. Makampani amadziwa zonsezi, ndipo amawonjezeratu mphindi zingapo pa ndandanda. Woyendetsa akalengeza monyadira kuti tafika msanga, nthawi zambiri wangobweza mphindi zimene anasungiratu.

Pa ulendo waufupi zoterezi zimaonekera kwambiri. Chileka ndi Lumbadzi atalikirana makilomita pafupifupi 250 m'mwamba. Pa liwiro la 850 akanakhala mphindi 18. Koma ndege isanafike n'komwe pa liwiro limenelo yayamba kale kutsika, ndipo ulendowo umatenga mphindi 40 kapena kuposa. Muwonjezere kupita ku Chileka, kudikira, ndi makilomita 25 ochoka ku Lumbadzi kulowa m'tauni, mupeza kuti amene anakwera basi m'mawa simunamusiye patali kwenikweni. Ndege imapindulitsa mtunda ukatalika.

Ine ndimaona kuti posankha tikiti anthu timayang'ana polakwika. Timafunsa mtengo, kenako maola a m'mwamba, koma chimene chimapanga ulendo kukhala wabwino kapena wowawa ndi mpata wa pakati pa ndege ziwirizo. Maola a m'mwamba simungawasinthe. Mpatawo ndi umene mumasankha. Ukachepera ola limodzi ndi theka, ndege yoyamba ikangochedwa pang'ono mumafika pageti atatseka, kapena inu mumakwera koma sutikesi n'kutsala. Ukafika maola khumi, mumatopa musanayambe ulendo weniweniwo. Kwa munthu wachikulire woyenda koyamba, wosadziwa kumene kuli geti, maola atatu mpaka asanu ndi abwino, ndipo ndi bwino ulendo wonse ukhale pa tikiti imodzi. Zikatero katundu amamulembera mpaka kumapeto, ndipo ndege yoyamba ikachedwetsa, kampani ndiyo imakupezerani ina. Mukagula matikiti awiri osiyana pofuna kupulumutsa ndalama, kuchedwa kulikonse ndi mlandu wanu. Azakhali ndinawauzanso kuti mapiritsi a BP akhale m'kachikwama ka m'manja, ndipo tsiku laulendolo amwe potsata wotchi ya ku Malawi, osati ya pakhoma la bwalo la ndege. Ndi kuti azidzuka kuyendayenda m'ndegemo miyendo ingatupe.

Mwayi umodzi tili nawo oyenda njira imeneyi. Chizungulire cha tulo chimene amati jet lag, choti thupi likuti ndi usiku pamene kunja kuli masana, chimabwera chifukwa cha maola amene wotchi yasuntha, osati makilomita. Wopita ku London wasuntha ola limodzi kapena awiri, akagona tsiku limodzi watha. Wopita ku Guangzhou kukaoda katundu wasuntha maola asanu ndi limodzi, wopita ku New York asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri chobwerera m'mbuyo, ndipo amenewo amatha masiku akudzuka pakati pa usiku kufuna nsima.

Tsiku la ulendo tinanyamuka ku Chilomoni 11 koloko m'mawa, galimoto itadzaza operekeza kuposa katundu. Pa Kameza panali mzere wa magalimoto, tinafika ku Chileka cha m'ma 12. Sikelo inati sutikesi yapitirira ndi makilogalamu awiri, ndipo Azakhali anagwada pansi pomwepo kutulutsa mapaketi awiri a ufa woyera n'kundipatsira, akung'ung'udza kuti mdzukulu wawo akaleredwa ndi buledi. Ndege inanyamuka 3 koloko. Inatera ku Heathrow 07:45 mawa lake pa wotchi ya kuno. Pamzere woonetsa pasipoti ndi podikira katundu panapita ola ndi theka, ulendo wa kunyumba kwa msuweni wanga ola lina ndi theka. Analowa m'nyumba itatsala pang'ono kukwana 11 koloko ya ku Malawi. Khomo ndi khomo maola 24, ndipo a m'mwamba sanafike theka lake. Mukagawa makilomita 8,200 ndi maola amenewo, Azakhali anayenda makilomita 340 pa ola, m'ndege zotha kuchita 900. Komabe mnyamata wa pafupi ndi kwathu amene anakwera basi ya ku Joni pa Wenela m'mawa womwewo, ulendo wa makilomita 1,700 kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, anali asanafike pa Park Station.

Madzulo ake Azakhali ananditumizira mawu pa WhatsApp. Kuno kunali kutada kale, poti mu Juni dzuwa la Blantyre limalowa 5 koloko itangopitirira, ndipo tinali titadya, ana atagona. Iwo anali pawindo, kumbuyo kukumveka kakhanda kakulira.

"Mwanawe, wotchi yanga ikuti 10 koloko usiku, ya pakhoma pano ikuti 9, koma kunja kuli dzuwa, ana akusewera mpira pamsewu. Ndigone kapena ndidikire? Nyanja Yofiira sindinaione, ndinagona. Ufa uja usaupatse munthu, ndidzaupeza."